Masaya Anga: Mpeni Kapena Jakisoni

Pa chinkhoswe cha mwana wanga Sellina, mkulu wa pa maikolofoni anandiloza n'kulengeza kuti, "Tiwaombere m'manja agogo ake a mkwatibwi!" Ine Eneya Sitima, mphunzitsi wamkulu wopuma, ndinawasunga mawu amenewo mumtima mpaka Lachinayi masana, pomwe ndinapeza akazi anga a Belita akupeta nandolo pakhonde.

"Amake Sellina, ndaganiza zokonza nkhope ukwati usanafike."

"Sopo ali kubafa."

"Sindikunena zosamba. Ku Blantyre kuli chipatala chobwezera munthu ku unyamata. Ndawerenga pa foni. Njira zilipo ziwiri, mpeni kapena jakisoni."

Lichero linaima. "Mukudwala?"

"Sindikudwala. Ndikufuna mundithandize kusankha."

"Munthu wosadwala asankha bwanji mpeni?"

"Tamverani kaye. Ya mpeniyo amacheka kuseri kwa makutu, n'kukoka khungu chonchi." Ndinakoka masaya ndi zala mpaka maso anatsala timizere. "Lotsalalo amadula."

"Ndiye amapita nalo kuti?"

"Chiyani?"

"Lotsalalo. Ndi lambiritu, bambo. Sangangolitaya kudzala ngati makoko a nandolo. Chiwalo cha munthu chimaikidwa kumanda. Tikaika kwanu kapena kuno?"

"Si maliro, amayi!"

"Kunotu ndinu mkamwini. Manda a kwathu sangalandire khungu lanu amalume anu asanavomere."

"Amalume anga akulowa bwanji m'masaya anga?"

"Iii! Ine ndikasainire mpeni ndekha? Mukapanda kudzuka, achemwali anu a ku Nazombe adzati ndinakugulitsani. Opaleshoni ndi nkhani ya abale."

Anatulutsa foni m'chitenje n'kuyamba kudinadina ndi chala chimodzi. Ndinayesa akufufuza za chipatala chija, moti ndinadziyamikira mumtima kuti ndinakwatira mkazi wotsogola.

"Ndiye gadiyani ndine," anatero, akubweza foni. "Nditenga poto, mphasa, mbaula..."

"Ndi chipatala cholipira. Pansi ponse ndi matailosi."

"Matailosi aphika phala? Komanso kumalo ophikira magadiyani amafunsana, 'Anu akudwala chiyani?' Uyu ati shuga, uyu bipi, uyu anagundidwa ndi kabaza. Ine ndiziti chiyani? Anga agwa masaya?"

"Chabwino! Mpeni tausiya. Tinene za jakisoni. Kulibe kucheka, kulibe kugonekedwa. Kupita m'mawa, madzulo ndabwera. Amangobaya pamphumi, makwinya n'kuwongoka."

"Pamphumi? Jakisoni ndi wa pathako."

"Makwinyawo sali kuthako."

"Mumaonako?"

Ndinayang'ana phiri la Michesi kwa kanthawi, monga amachitira anthu ophunzira.

"Ndiye akabaya, basi mwachira?" anafunsa.

"Mphamvu yake imatha pakapita miyezi, munthu n'kukabayitsanso."

"Ooo, ngati wakulera uja."

"Sali ngati wakulera!"

"Miyezi ikatha, kukabayitsa. Ukaiwala tsiku, zotsatira zimaonekera pagulu. Ndi yemweyo. Ine ndinabayitsa zaka zambirimbiri inu mukungowerenga nyuzipepala. Koma mwachedwatu, bambo. Sellina akukwatiwa, inu kulera mukuyamba lero?"

"Amayi, awa ndi mankhwala ogonetsa mnofu wa pamphumi kuti usamakwinyike. Ndi sayansi."

"Ndiye simuzitha kukwinya nkhope?"

"Ndi cholinga chake chimenecho."

"Mayo! Nanga pamaliro? Mudzi wonse umadalira inu kulankhula m'malo mwa anamfedwa. Muzikati 'tataya munthu wofunika' nkhope ili see ngati mwawina mpikisano?"

"Mawu ndi amene amanyamula chisoni."

"Mawu anu samveka, maikolofoni ya kutchalitchi inafa. Anthu amalira akaona masayawo akugwedezeka."

"Ndiye mukufuna pa zithunzi za ukwati ndidzaime pafupi ndi bambo a mkwati uja, wosalala ngati biringanya, ine ngati thumba lothera ufa?"

"Thumba limenelo ndi lomwe latidyetsa chaka chino."

"Mukutanthauzanji?"

"Pamzere wa feteleza. Anthu anafika kusanache, inu munafika dzuwa lili pamutu, mlonda n'kunena kuti, 'Apatseni njira agogo.' Mwaiwala?"

"Anandizindikira kuti ndine mphunzitsi wamkulu."

"Mlondayo ndi wa ku Mozambique, anabwera chaka chatha. Anazindikira makwinya. Mumayesa ndimakutumani inu chifukwa chiyani? M'minibasinso mpando wa kutsogolo mumaupeza ndi satifiketi?"

"Ndiye nkhope yangayi kwa inu ndi kuponi?"

"Ndi yabanja. Simungakaidule nokha osatifunsa."

Tinakokanakokana mpaka mthunzi wa mtengo wa mango unafika pakhonde. Ndikati mpeni, iwo ati amalume. Ndikati jakisoni, iwo ati kulera. Ine amene ndinkakhalitsa chete ana chikwi pa asembule ndi diso lokha, ndinatopa.

"Basi! Mpeni ayi, jakisoni ayi. Ndikhala chonchi. Koma nkhaniyi ithere pakhonde pompano. Asaimve munthu, ngakhale Sellina."

A Belita anapitiriza kupeta. Ndipamene ndinamva nyimbo ikuchokera kunjira ya kutchalitchi, yapansipansi, ija amaimba pokazonda wodwala. Ndinasuzumira. Amayi a Mvano, mabulauzi oyera mbuu, ali pamzere, ena asenza nkhuni, ena mabeseni a ufa.

"Kwavuta kwa yani?"

"Akubwera kuno."

"Kuno?"

"Lero Lachinayi. Ndinalemba pa gulu lathu kuti sindifika ku Mvano, bambo akupita ku opaleshoni."

"Munalemba?"

"Achemwali anunso ndawauza. Akwera kale kabaza. Amalume akuti musasaine chilichonse asanafike."

"Koma opaleshoni ndaikana!"

"Mwaikana pano. Nthawi imene ndimalemba ija munali pa mpeni."

"Pitani mukawabweze! Kawauzeni kuti ndili bwinobwino!"

"Ndikawauza kuti muli bwino afunsa kuti nanga mpeniwo unali wa chiyani. Ndiwauze za masaya?"

Ndinaganiza za amayi onsewo, ndi pakamwa pawo ponse, ndi ulaliki wa Lamulungu. Nyimbo inali itafika pa khola la mbuzi.

"Mphasa ili kuti?"

Anaiyala msangamsanga, n'kundifunditsa chitenje chawo mpaka m'khosi.

"Koma sakhulupirira," ndinanong'ona. "Munthu wathanzi ngati ine! Ndibuule? Nditsokomole?"

A Belita anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira pamphumi mpaka pachibwano.

"Musadzivutitse, bambo. Ingowayang'anani. Ndi nkhope imeneyo, abusa awaitana okha."