Mlonda Anafera pa Mutu Wachisanu

Telala wina, amene zaka zitatu ankasoka masana n'kumalemba buku m'mawa, anaiwala kope lake m'basi. Atamva kuti lili kupolisi, anathamangirako tepi yoyezera ili m'khosi, ndipo anapeza sajeni atalikhalira.

"Kope ili n'lanu, bambo?" anafunsa sajeni.

"Langa ndithu, bwana. Zikomo posunga."

"Khalani pansi. Mlonda uyu anamupha ndani?"

Telala anakonza kolala monyadira. "Ndine."

"Ha! Osakana n'komwe?"

"Ndikanirenji ntchito yanga? Ndinamupha pa mutu wachisanu."

Sajeni anasiya kulemba. "Anali ndi mitu isanu?"

"Mitu ilipo khumi ndi iwiri."

"Mayo ine! Inayo ili kuti?"

"Mwaikhalirayo."

Sajeni anadzambatuka, nayang'ana pampando. Telala anapukusa mutu. Anthu osawerengawa!

"Bwana, mlondayo ndi mpangankhani."

"Kupanga nkhani si mlandu woti munthu afere. Munamupha ndi chiyani?"

"Ndi cholembera."

"Chili kuti?"

Telala anachisolola m'thumba. Sajeni anachigwira ndi kampango, n'kuchinunkhiza.

"Apa mwalemba kuti magazi anayenda ngati mtsinje. Mtsinje uti?"

"Chimenecho n'chifanifani."

"Chifanifani. Uli mbali iti? Pali mlatho?"

"Iyayi! N'kufanizira chabe, ndi kukokomeza pang'ono."

"Munamukokanso?"

Sajeni anaweramira telala.

"Tamverani, bambo. Mungonena kuti munthuyu kulibe, muzipita."

Telala anaimirira. Kulibe? Munthu amene anamusankhira yekha chipewa, chifuwa cha mphumu ndi mwendo wotsimphina?

"Alipo! Ndi wamoyo kuposa inu ndi ine!"

"Ndiye sanafe?"

"Anafa."

"Ndi wamoyo?"

"Kwambiri."

Sajeni anavula chipewa, nadzikupiza nacho. "Chifukwa chomuphera?"

"Tsinde la nkhani linkafuna choncho."

"Mtembo uli patsinde. Mtengo wanji?"

"Palibe mtengo!"

"Munaudula kuti mubise umboni."

"Bwana, akanapanda kufa, mkazi wake sakanalira, ndipo owerenga akanagona."

"Eee! Munapha munthu kuti anthu asagone? Kunalibe tiyi?"

Sajeni anatsegula kabati, natulutsa unyolo n'kuuika patebulo. Telala anakumbukira diresi laukwati limene analisiya pamakina lopanda manja, mwini wake akubwera masana omwewo.

"Chabwino," anatero chapansipansi. "Ndi nkhani yopeka. Mlondayo ndinamupanga ndine."

"Ndinu bambo ake?"

"M'mutu mwanga, bwana!"

"Wachingati?"

"Uwu! Umodzi womwewu!" Telala anadzimenya pachipumi. "Sanabadwe, sanadye, sanalondere geti la munthu. Ndikafuna afe, amafa. Ndikafuna adzuke, amadzuka."

Sajeni anapita kukasuzumira pakhomo, natseka chitseko, n'kubwerera akuyenda monyang'ama.

"Mwati amadzuka?"

"Ndikafuna. Koma sindifuna. Imfa imeneyo ndiye mtima wa buku lonse."

Sajeni anamubwezera cholembera, namukankhira kope, unyolo n'kuusendeza pafupi ndi dzanja la telala.

"Kopeli ndinapita nalo kunyumba, mayi akunyumba analiwerenga," ananong'ona. "Lero ndi tsiku lachitatu akulira maliro, ndipo akuti ine wapolisi ndangokhala osachitapo kanthu. Mudzutseni, bambo. Apo ayi, wofera pa mutu wachisanu ndikhala ine."