Anandisiyira malipiro, nandilanda moni

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu nonse. Ine ndine Esnati Banda, ndipo yesero limene ndikufuna kukuuzani ambiri akalimva amayamba aseka kaye. Ndinakhala miyezi yambirimbiri ndikulandira malipiro osagwira ntchito. Musaseke ayi, chinthu chimenechi chinatsala pang'ono kundipha.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, zaka zija tinkaima pamzere pofuna chilichonse, sopo, shuga, mafuta ophikira. Ndinkataipa makalata pa kampani ina ya boma m'tauni muno mu Lusaka. Amuna anga anali atamwalira, kundisiyira ana atatu, ndipo nyumba imene tinkakhalamo ku Kabwata inali ya kampani. Lamulo lake aliyense ankalidziwa: ukasiya ntchito, upereke makiyi.

Woyang'anira antchito anali ba Mulenga, munthu wa suti zosalala amene anali atangobwera kumene kumaphunziro kunja. Tsiku lina anatisonkhanitsa nalemba makwerero pa bolodi. Anati zosowa za munthu zimakwerana chomwecho: pansi pali mimba, kenako pogona, kenako anzako, kenako ulemu, ndipo pamwamba penipeni pali kugwira ntchito imene mtima wako umaikonda. Tinawaombera m'manja. Zoona zinali zoona, koma sindinadziwe kuti munthu wodziwa kukhoma makwerero ndi amenenso amadziwa powadula.

Pakamwa pangapa, abale, sipanaphunzire kutseka. Loweruka lina nditaima padzuwa kuyambira m'mawa kudikira mafuta, atatha ndisanafike, ndinanena mokweza kuti, kodi ufulu tinavinira uja ndi womwewu? Khoma lili ndi makutu. Lolemba mawu anga anafika ku ofesi ine ndisanafike.

Kundichotsa sakanatha, chifukwa pa ntchito yanga panalibe chotola. Ba Mulenga anandiitana, akumwetulira. "Ba Banda, palibe amene akuchotsani nchito," anatero. "Malipilo muzalandila, nyumba muli nayo. Manje mufunanso chani?" Atatero anandiperekeza ku kachipinda ka kumapeto kwa khonde, kosungiramo mipando yothyoka. Munali tebulo ndi mpando umodzi. Taipilaita yanga anapatsa wina. Ankafuna kuti nditope ndekha, ndisiye ntchito ndi manja anga, nyumba ibwerere ku kampani.

Ndinkafika m'mawa, n'kukhala, n'kudikira kuweruka. Kuseri kwa khoma ndinkamva mataipilaita a anzanga akulira, zala zanga n'kumadziyendera zokha pa tebulo lopanda kanthu. Koma chimene chinandiswa mtima si chimenecho ayi. Anthu anasiya kundipatsa moni. Kunamveka kuti wolankhula ndi ine ndiye kuti nayenso ndi wotsutsa chipani, ndipo masiku amenewo palibe amene ankafuna dzina limenelo. Mayi wa tiyi ankadutsa pakhomo panga ngati palibe chitseko. Ngakhale Joyce, mnzanga amene tinkanyemerana banzi limodzi, akandiona pa makwerero a ofesi ankawerama n'kumakonza nsapato imene sinavuke.

Kunyumba anansi ankati, mwayi wanu amayi Banda, kulandira ndalama mutakhala pansi! Ine ndinkangoti ee. Ndinaonda, madiresi anayamba kundilendewera. Ana anga ndinkawakalipira popanda chifukwa, mpaka akamva geti ikutseguka ankasiya kuseka. Lamlungu ndinkaimba ndi milomo yokha. Ndinapemphera, ndinasala kudya, koma kumwamba kunali zii ngati ku ofesi komwe. Ndikunena zoona pamaso pa Mulungu, ndinayamba kukhulupirira kuti nayenso wandidutsa.

Ndiye m'nyengo yozizira chikuku chinalowa m'nyumba. Aakulu awiri anachira. Chitsiriza changa, Tisauke, kamtsikana kamene kanali kasanayambe sukulu, kanatisiya m'chipatala ndili nako m'manja.

Achinyamata a lero mwina simudziwa mmene zinkakhalira. Wantchito akaferedwa, kampani inkatumiza lole ndi nkhuni ndi tenti, ndipo anzake onse ankabwera kudzakhala naye. Zimenezi sizinali zopempha, unali mwambo, ngakhale kwa wosesa. Munthu ankadziwika kuti ali ndi anthu pa tsiku limenelo. Ine ndinatumiza uthenga, koma sindinayembekeze kanthu.

Tinatulutsa mipando m'chipinda chochezera, ndinakhala pansi pakona ndi amayi ochepa a kumpingo. Abale anga anali kutali ku Katete, asanamve n'komwe. Panja amuna ochepa ankaotha zidutswa za bokosi lakale la sopo, chifukwa nkhuni panalibe. Anthu odutsa mumsewu ankasuzumira, osadziwa ngati pali maliro kapena ayi. Pamenepo m'pamene ndinagonja. Ndinati mumtima, Ambuye, apambana. Ndikaika mwanayu ndikapereka makiyi, ana otsalawa akaleke sukulu, tikakhale kwa abale kumudzi. Koma ngati ndikadali munthu pamaso panu, ndionetseni, chifukwa ine sindikudziwanso.

Dzuwa litapendeka ndinamva lole ikubangula, n'kuima pa geti. Ndinamva nkhuni zikugwa pansi, kenako nyimbo, mawu ambiri a azimayi. Woyamba kulowa anali Joyce, akukwawa ndi maondo, atamanga chitenje pamwamba pa siketi ya ku ofesi. Anandigwira mapazi akulira kuti, "Esnati! Esnati mayo!" Abale, kwa miyezi yonse ija palibe wa kuntchito amene anatchulapo dzina langa. Kumbuyo kwake kunali onse otaipa, mamesenjala, mpaka mayi wa tiyi uja. Misozi imene inali itakana kutuluka m'chipatala inatuluka pomwepo.

Amene Mulungu anamutuma si mbusa kapena mkulu wa mpingo. Anali ba Chanda, dalaivala wa lole, Mbemba wokonda mowa amene kutchalitchi ankapitako pa maukwati pokha. Joyce anandifotokozera pambuyo pake kuti ba Chanda anakapempha chilolezo cha lole, ba Mulenga n'kukana. Ba Chanda anangotenga kiyi, nakaima pakhomo la otaipa, nanena mokweza kuti, "Malilo yalibe chipani. Amene sazafelewapo asale." Mataipilaita anasiya kulira mmodzimmodzi, anthu anatenga zikwama zawo.

Titaika maliro ndinabwerera kuntchito makiyi a nyumba ali m'chikwama, mtima usanakhazikike. Ndili pa khonde ndinamva mawu ngati a lipenga: "Muli shani ba Banda!" Anali ba Chanda akundipatsa moni m'Chibemba, ndipo ofesi yonse inamva. Ndisanakhale pansi Joyce analowa atasenza taipilaita pamutu ngati ndowa ya madzi, naiika pa tebulo langa pamodzi ndi mulu wa ntchito. Ba Mulenga anaona zonsezi ali chiimire. Kachipinda kaja kanali kakang'ono, sakanatha kutsekeramo kampani yonse. Makiyi aja sanatuluke m'chikwama, ndipo ana anga awiri anamalizira sukulu m'nyumba yomweyo.

Sindikubisirani, chipulumutso chimenechi chinali ndi mtengo wake. Ba Chanda anawasamutsira ku nthambi yakutali, ndipo anamwalirira komweko ndisanawathokoze mokwanira. Tisauke wanga sanabwerere. Mpaka lero ndikamva lole ikutsitsa nkhuni ndimakumbukira tsiku lija.

Komabe ndikuthokoza Ambuye amene anandiyankha, ngakhale anayankha pa tsiku limene sindikanasankha. Iwe amene wakhala wekha pa ntchito, ukudya koma mtima uli ndi njala, limbika, usapereke makiyi ako. Mulungu sanakudutse. Ndipo inu nonse amene mawa mudzapita kuntchito, mukudziwa bwino munthu amene anthu asiya kumulankhula. Mukagogode pachitseko chake, mumutchule dzina. Ine kuti ndimvenso moni wa anzanga panafunika bokosi la mwana wanga. Musadikire kuti moni wa mnzanuyo ukhale wodula chomwecho. Ameni.