Thukuta la mu Juni

Pasiteji ya Nkhamenya, aliyense atafunda chifukwa cha chisanu, Ezelina ankadzikupiza ndi chitenje. Mayi wina wogulitsa mbatata anamuyang'ana n'kumwetulira.

"Kumwezi mwasiya kupita, eti?"

"Ndimayesa malungo, amayi, koma kuchipatala sanawapeze. Zimatha liti zimenezi?"

"Ine zinanditengera zaka ngati zisanu, ena zimapitirira. Muzimwa madzi ambiri, tiyi ndi tsabola muchepetse. Zikanyanya, bwererani kuchipatala."

"Nanga ndi thukuta lotereli, fodya munkasankha bwanji m'chigafa?"

"Nsalu yonyowa ili m'khosi. Mabelo ankatuluka ndithu."

"Ndinu olimba, amayi! Ine ndikungoona ngati ndatha."

"Mwatha? Kale ndikakhala kumwezi ndinkachita kupempha anzanga adzandithirire mchere m'ndiwo. Lero ndimathira ndekha mwezi wonse. Kutha n'kumeneko?"