A Nebert Kachingwe ndi Geti la ku Manda

Mawu awa anena ndi agogo awo a malemu, a Eveless Nabanda. Ife tangolemba.

Malemu a Nebert Kachingwe anabadwa mu 1983 m'mudzi mwa Kachingwe, boma lino la Lilongwe. Makolo awo atamwalira, analeredwa ndi agogowa. Sukulu anayambira kumudzi, sekondale anaphunzira akukhala kwa amalume awo ku Area 4, kenaka anakachita maphunziro a zankhalango ku Dedza.

Mu 2007 analembedwa ntchito yolondera nkhalango yotetezedwa, ndipo mu 2015 anakhala mkulu woiyang'anira. Agogo sanaikonde ntchitoyi. Ankawachenjeza za njoka, za misampha ya waya, za owotcha makala oyenda ndi zikwanje. Malemu ankangoti amva, uku akuvala jombo.

Mu 2011 anamanga banja ndi a Mwawi Msiska mu mpingo wa CCAP, kumene ankatumikira ngati dikoni.

M'kati mwa nkhalangoyo muli manda akale a mudzi wawo, kumene kwagona amuna awo a agogo. Chimangireni mpanda wozungulira nkhalangoyo, palibe ankaloledwa kupitako. Malemu anakonza zoti mwezi wa Juni uliwonse, udzu usanaumitse, geti lizitsegulidwa tsiku limodzi anthu akalambule manda. Ankalowa ndi makasu okha. Nkhwangwa ndi machesi zinkatsala pageti, ngakhale za amalume awo omwe. Mlambulowo unkatchinganso moto, moti msitu wa pamandapo sunapsepo.

Mu 2023 anawasamutsira ku ofesi ku City Centre, ndipo mtima wa agogo unakhala pansi kuti zoopsa zatha. Komatu n'kumene malemu anayamba kudwala impso. Ngakhale miyendo itatupa, Juni akakwana ankapitabe kukatsegulitsa getilo. Amwalira Lachiwiri lapitali kuchipatala.

Agogo akuti akuluakulu a ku ofesi amene mwabwera mumve izi. Za getilo sizinalembedwe papepala, zinali pakamwa pa malemu basi. Juni watsala miyezi iwiri. Manda akapanda kulambulidwa, moto wa mu Okutobala sudzasankha kuti uwu ndi mtengo wa boma, uwu ndi wa kumutu kwa munthu. Agogowo khasu lawo ali nalo, ndipo tsikulo mudzawapeza pageti.

Malemu asiya mkazi, ana awiri, Lexon ndi Janeth, mchemwali mmodzi, amalume, ndi agogo awo.

A Kachingwe apumule mu mtendere.