Waya wa pa Khola la a Ambokile

Ine Gordon, mphunzitsi wa sayansi wochokera ku Dedza, ndinakhetsa thukuta kuti ndipeze ng'ombe za malowolo a Yunike wa ku Iponga. Tsiku limene zinalowa m'khola la bambo ake aang'ono, a Ambokile, tcheyamani wa nthambi ya chipani, ndikanangokhala chete. Koma pakamwa panga sipamva.

"Waya wa masiku ano ngwofewa," anadandaula akumanga chitseko cha kholalo.

"Si kufewa, bambo. M'chitsulo muli timaatomu tondanda m'mizere ngati ana a sukulu pa asembule. Pena mzere umathera panjira, pamakhala chilema. Mukapinda waya, chilemacho chimasuntha mzere ndi mzere."

"Chimapita kuti?"

"Sichipita kwina, chimangoyenda m'katimo."

"Inu mwachiona?"

"Sichioneka ndi maso."

Anayang'ana cha ku mtsinje wa Songwe n'kutsitsa mawu. "Mwalimu, kuno kumalire zoyenda mobisa timakazinena. Zilipo zingati?"

"Zosawerengeka! Mukamazipanikiza ndiye zimachulukirachulukira."

"Ehe! Khadi la chipani zili nalo?"

"Khadi lanji, bambo? Ndi chitsulotu ichi!"

"Mwana wam'mimba timamugulira khadi, chonsecho sayenda n'komwe. Nanga izi zoyenda?"

Munthu wanzeru akanaseka n'kupempha madzi akumwa. Ine, ndi ukatswiri wanga wonse, ndinagwira waya womanga chitseko uja.

"Taonani. Ndapinda, zayenda. Ndawongola, zayendanso. Tagwirani apa. Pauma, eti? Zakolanakolana, zikusowa podutsa."

"Mwazigwira?"

"Sindinazigwire ayi, ndikungofotokoza kuti..."

"Musasiye, zingapulumuke! Pindaninso!"

"Ndikapitiriza athyoka."

"Mukuzimvera chisoni? Mukudziwana nazo?"

Funso limenelo masiku amenewo silinali loyankha ndi pakamwa. Mantha anandigwira, ndinapinda ndi mphamvu zanga zonse. Thyo! Waya pawiri, chitseko pansi. Ng'ombe zanga zinatuluka mondondozana, michira m'mwamba, kulunjika kwawo komwe ndinazigula. Ine ndinangotsala ndi kachidutswa ka waya m'manja.

A Ambokile anasuzumira pothyoka paja ndi diso limodzi, nthawi yaitali ndithu, kenaka anandigwira chanza mwaulemu.

"Ndaga, mwalimu, zikomo, mwagwira ntchito. Zanu zosaonekazi ndazikhulupirira, ndipo sindikanena. Koma ng'ombe zosaoneka kuno sitilandira."