Anati ndamutsempha mwana wanga

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, makamaka inu amayi anzanga amene muli pa chitengwa. Ine ndine amake Tadala, ndimakhala ku Mlonyeni, kwawo kwa amuna anga. Sukulu ndinalekera sitandade 5, ndipo ondidziwa adabwa kuona kuti ndalemba, chifukwa ngakhale kutchalitchi ndimakhala benchi lakumbuyo. Koma nkhani iyi sindingaibise. Mwana wanga anatsala pang'ono kufa chifukwa cha mantha anga, ndipo Mulungu anandiimiritsa nthawi isanathe.

Zinachitika mu Febuluwale, chimanga chisanache, m'nkhokwe mulibe kanthu. Bambo a Tadala anali atapita ku Zambia kukagwira ntchito m'mafamu titangomaliza kubzala. Tadala anali ndi chaka ndi miyezi isanu ndi itatu, nditamuletsa kale kuyamwa. Chakudya chake chinali phala la ufa woyera, lopanda nsinjiro, m'mawa ndi madzulo. Poyamba anangosiya kusewera. Kenako mapazi anatupa, moti ukadina ndi chala pamatsala kadzenje. Masaya anafufuma, tsitsi linafiira n'kumasosoka.

Apongozi anga aakazi atamuona anaitana azakhali a amuna anga. Anamuvula kamalaya, kumudina miyendo, kuyang'anana, n'kunena kuti mwanayu watsemphedwa. Kuno mwana akatupa chonchi amati mmodzi mwa makolo ake wagona kunja, n'kubwera kudzamugwira mwanayo kapena kuthira mchere m'ndiwo. Popeza bambo ake kunalibe, maso onse anali pa ine.

"Tatiuzani, amake Tadala, mwamunayo ndani?" anatero azakhali. "Mukatchula dzina timusambitsa mwanayu mankhwala, achira. Mukabisa, mwamukumbira manda nokha."

Ndinali nditagwada monga mtengwa amachitira, maso pansi. Ndinalibe dzina loti nditchule. Koma kukhala chete kwangako iwo anakutenga ngati kuvomera. Anandiletsanso kupita naye kuchipatala, ati mwana wa tsempho akabayidwa jakisoni amafera pomwepo. Anagamula kuti tidikire mpaka ine ndiulule.

Tinadikira masiku asanu ndi anayi. Ankamumwetsa madzi a mizu, iye n'kumasanza. Ndikafika kumjigo amayi ankadula nkhani, ena n'kusuntha zidebe zawo. Ine ndinkaopa chilichonse. Ndinkaopa kuti andithamangitsa ndibwerere kwathu ndi mbiri ya uhule. Ndinkaopa zimene bambo a Tadala anene akauzidwa pafoni. Ndinkaopanso kuti mwina akuluwo akunena zoona za jakisoni, ndiye ndikamuphetsa mwana ndi manja anga. Mpaka ndinaganiza zongotchula dzina la mwamuna aliyense wa m'mudzi kuti andileke. Taganizani, abale, kunamizira munthu wosalakwa ndi kudzinamizira ndekha, chifukwa cha mantha basi.

M'mawa wa tsiku lakhumi ndinapita kudimba kukathyola nkhwani, Tadala ali kumbuyo. Ndili chiweramire, ndinazindikira kuti sakulira. Masiku onsewo ankalira motsitsa osalekeza, koma apa mutu unangogwera pambali. Ndinamutsitsa msanga. Maso anali atatupa moti sankatseguka bwino, ndipo khungu la m'miyendo linali litayamba kusupuka. Ndinagwada m'matope momwemo. Ine sinditha kupemphera mawu okoma ngati amayi a chigwirizano. Ndinangoti, Yesu, Inu mukudziwa kuti sindinachite. Mwana uyu munapatsa ine, simunapatse azakhali. Ngati mukufuna ndipite naye kuchipatala, gwirani miyendo yangayi chifukwa ikunjenjemera.

Sindinama kuti ndinamva mawu ochokera kumwamba. Koma mumtima munabwera ganizo limodzi lolimba, lakuti tsiku limene Mulungu adzandifunse za Tadala, apongozi sadzandiyankhira. Ndiwo ndinazisiya pomwepo. Ndinamubereka, n'kupita kunyumba kukatenga buku lake la kusikelo.

Njira yopita kumsewu imadutsa pachigafa, ndipo apongozi ndi azakhali anali momwemo akusoka fodya.

"Ulendo wa kuti umenewu, buku lili m'manja?" anafunsa apongozi.

Mawondo anga anafuna kupinda okha mwachizolowezi, koma sindinagwade. Chikwatiwire, aka kanali koyamba kuwayankha nditaimirira.

"Ndikupita naye kuchipatala, amayi."

"Hee, taonani mtengwa wanu!" anakuwa azakhali. "Lero akuyankha ali chilili ngati mtengo wa magetsi. Akakuferani m'njira, malirowo musabwere nawo kuno."

"Sindinagone ndi munthu ine, Mulungu akudziwa," ndinatero. "Ukwati ukatha uthe. Koma mwanayu safera m'nyumba muno ine ndili chete."

Apongozi anaika singano pansi n'kundiyang'ana kukamwa kuli yasa. Palibe anadzuka kundigwira. Ndinadutsa.

Ya kabaza ndinalibe, choncho ndinayamba wapansi, dzuwa likuswa mtengo. Nditayenda ndithu, inandipeza ngolo ya ng'ombe yonyamula kabichi, ikulowera ku Kamwendo kumsika. Woyendetsa anali bambo achikulire amene ndinali ndisanawaonepo. Anaimitsa ng'ombe n'kunena kuti, "Amayi, tamuvundukulani mwanayo." Ataona mapazi aja anasuntha matumba. "Kwerani msanga. Mdzukulu wanga anatupa chonchi chaka chatha, pano akuthamangitsa mbuzi za anthu." Anasiya njira ya kumsika, kabichi akufota padzuwa, n'kukanditula pageti la chipatala. Ngakhale dzina lawo ndinaiwala kufunsa. Mulungu amene anawatuma akuwadziwa.

Anamwino anamuyeza Tadala kamkono, kumudina mapazi, n'kupukusa mutu. Ndinawanong'oneza za tsempho zija, manyazi atandigwira. Iwo anati, "Amayi, thupi la mwanayu lasowa zakudya, palibenso china. Mwachedwa naye, koma mwachita bwino kubwera." Tsiku lomwelo anatitumiza kuchipatala chachikulu ku boma. Kumeneko anamwino atatenga jakisoni ndinatsinzina, n'kumangotchula dzina la Yesu. Anamubaya. Tadala analira pang'ono, n'kugona, n'kudzuka ali moyo. Ankamumwetsa mkaka wapadera pang'onopang'ono, ndipo kutupa kutaphwa ndi pamene ndinaona mmene mwana wanga anaondera, nthiti zonse zili pamtunda. Ndinapempherabe. Sabata yachiwiri, tsiku lina analanda kapu m'manja mwanga n'kumwa yekha, ndipo ndinalira mokweza wodi yonse ikundiona. Anatitulutsa atatipatsa chiponde, atandiphunzitsanso kuphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi masamba.

Musaganize kuti kumudzi anandilandira ndi nthungululu. Apongozi sananene pepani. Azakhali mpaka lero amati mizu yawo ndi imene inayamba ntchito, achipatala anangomalizitsa. Bambo a Tadala atabwera anamva mbali zonse, anakhala masiku awiri osandilankhula, kenako anangoti, "Mukanadikira ine, bwenzi tikunena zina." Ukwati ulipo. Akulu ndimawalemekezabe monga kale, koma pa moyo wa mwana wanga sindidzapemphanso chilolezo kwa munthu.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la m'matope la munthu wosaphunzira ngati ine. Tadala pano akuyenda, akulankhula, ndipo amavuta kwambiri. Inu amayi amene mukuwerenga, mwina nanunso mukudikira kuti mantha athe kaye kenako muchite chimene mukudziwa kuti n'choyenera. Sadzatha muli chikhalire. Pempherani, dzukani, muyende mukunjenjemera choncho, Ambuye akukumanani panjira.

Mwezi watha mtengwa mnzanga wa nyumba yakumtunda anabwera kuseri kwa khitchini yanga akulira, mwana wake atatupa mapazi, apongozi ake atayamba kale kumufunsa dzina. Ankafuna ndimusonyeze kanjira kozemba kodzera m'chimanga kopita kuchipatala. Tinagwirana manja n'kupemphera, kenako ndinamuuza kuti ife sitinabe kanthu. Ndinamuperekeza masana dzuwa lili pamutu, ndipo tinadutsa pakati penipeni pa mudzi aliyense akuona. Ulemerero ukhale kwa Yesu. Ameni.