Aliyense ndi Magwadidwe Ake

Bambo Mfumu, asisiteri, akuluampingo, mayi a kunyumba kwa akatekisiti athu ndi ana, anzanga a mu ofesi ya parishi, ndakuonani nonse. Andipatsa mphindi zisanu zokha. Amene wakonza zimenezi sakundidziwa.

Akatekisiti athuwa atumikira pano zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo lero akupuma pa ntchito. Ife timawatchula kuti Achifukwa. Ukati, "Ine ndimakonda kolona," iwo, "Chifukwa?" Ukati, "Kwaya imandisokoneza," iwo, "Chifukwa?" Ngakhale Bambo Mfumu sanapulumuke.

Pa Misa sakhala kutsogolo ayi. Amaima kumbuyo kwenikweni n'kumationerera. Amati munthu umamudziwa pa magwadidwe. Waphuma amamaliza Tikuoneni Maria anzake akadali pakati. Wankhawa amabwerera kawiri kukaona ngati kandulo yake sinazime. Wamanyazi amabisala kuseri kwa chipilala, koma anthu akatuluka ndiye amatsala kupukuta mabenchi.

Musaganize kuti nzeruzi anabadwa nazo. Nditangoyamba ntchito ya ukalaliki muno, iwo ankakhulupirira kuti pemphero ndi lowongolera munthu. Bambo wosamala maluwa uja, amene amalankhula mawu atatu pa tsiku, anamupatsa kuwerenga Mawu kuguwa. Anawerenga ndithu, koma anamva ndi iye yekha ndi Mulungu. Ine wolongololane anandipatsa ola lathunthu lokhala chete pamaso pa Ukaristiya, Lachinayi lililonse.

Abale anga, ndinawerenga mawindo. Ndinawerenga njerwa. Patatha miyezi itatu ndinawapeza Achifukwa m'kachipinda kosungira zovala za Misa, ine ndikulira. Apa sindikuseka. Ndinati, "Bambo, anzanga akakhala chete amamva Mulungu, ine ndimamva wotchi. Ndilibe chikhulupiriro. Ntchito ndikusiya, tchalitchinso ndikusiya."

Tsiku limenelo sanafunse chifukwa. Anapinda nsalu ya paguwa mpaka kumaliza, kenako anati, "Wolakwa ndine, mayi. Kodi pakamwa panupo anakupatsani ndani?" Mawa lake anandituma kukayendera odwala, anthu amene amatha sabata osamva mawu a munthu. Kumeneko ndinalongolola, ndinaimba, ndinazindikira ndikupemphera osadziwa kuti ndayamba liti.

Tsopano Bambo Mfumu akuti kalasi ya okonzekera ubatizo nditenge ine. Kunena zoona, ndikuopa. Sabata yatha ndinawafunsa Achifukwa funso limene landisautsa zaka zonsezi: kodi pemphero limasintha khalidwe la munthu, kapena khalidwe ndi limene limasankha pemphero?

Anakanda m'mutu. "Sindikudziwa," anatero. "Kafunseni mayi akunyumba. Amati liuma langa ndi lomwe lija la tsiku la ukwati."

Mayi, ndakuonani mukugwedeza mutu.

Ndinati, "Nanga inu osadziwa, ine ndikaphunzitsa chiyani?" Iwo anati, "Za Mulungu ziliko m'buku. Chosalembedwa ndi ichi: mukafuna kuti onse azipemphera ngati inu, mudzataya wina."

Bambo, ine ndinatsala pang'ono kutayika. Munthu wamkulu ngati inu mukanachita manyazi kuvomera kulakwa pamaso pa kalaliki, bwenzi lero ndili kunja kwa mpandawu. Zikomo. Mantha ndikadali nawo, koma kalasiyo nditenga.

Kapumuleni bwino, mwagwira ntchito. Mayi, tikukubwezerani amuna anu ali amoyo. Anzanga, imirirani tiwaombere m'manja bambo athuwa.